Chadiza: tikupaka penti pa mbiri yathu

"Ku Chadiza kulibe chilichonse." Mawu awa amamveka pa Intercity, amamveka ku Kapata, amalembedwa pa Facebook, ndipo chowawa n'chakuti owanena ambiri ndi ana a konkuno. Munthu mchombo wake unagwera kwa Mlolo, kwa Zingalume kapena kwa Mwangala, lero ali ku Chawama kapena ku Mtendere, ndiye anzake akamufunsa za kwawo amayamba ndi kuseka: boma lathu ndi kamsewu kamodzi, fumbi, masitolo angapo, basi. Za kamsewu kamodzi n'zoona. Fumbi nalo sitingalikane. Koma kunena kuti palibe chilichonse ndi ulesi wa maso, ndipo ulesi umenewu ukutitayitsa chinthu chimene sitidzachigulanso ngakhale CDF itafika pa mabiliyoni.

Ife a ku Chadiza tilibe nyumba yosungiramo zinthu zakale monga a ku Livingstone kapena a ku Mbala. Chimene tili nacho ndi msewu wa pa boma ndi makoma ake. Mbiri ya msonkho, ya malonda, ya njala ndi ya nkhondo ili pamenepo, yolembedwa m'njerwa ndi m'malata. Ndipo tikuifafaniza tokha, ena ndi penti, ena ndi nyundo, ambirife ndi kungodutsa osayang'ana.

Tiyambe ndi liwu lenilenilo. Pali akatswiri a pa WhatsApp amene amaphunzitsa anzawo kuti BOMA ndi chidule cha mawu a Chingerezi onena za asilikali a ku Britain. Limenelo ndi bodza lokoma. Boma ndi liwu la Chiswahili, kutanthauza linga kapena mpanda, ndipo linafika kuno pamodzi ndi mfuti. Angoni a Mpezeni atagonja mu 1898, Fort Jameson inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, ndipo kuchokera kumeneko kunabwera msonkho. Maboma ang'onoang'ono ngati lathu anabwera pambuyo pake, kuti ofesi, khoti ndi mesenjala zikhale pafupi ndi wokhoma msonkhoyo. Sanatimangire boma chifukwa chotikonda.

Msonkho umafuna ndalama, ndipo ndalama kumudzi kunalibe. Amuna anapita kukagwira ntchito m'mapulazi a fodya ozungulira Fort Jameson, ena anayenda pansi kudutsa m'dziko la Apwitikizi kupita ku Halale, ena mpaka ku Joni. Obwerera anabwera ndi njinga, makina osokera, bulangete, ndi tindalama tomanga pa kansalu. Pamene pali ndalama sitolo imamera. Amwenye ochokera ku Gujarat anafika ku Fort Jameson koyambirira kwa zaka za m'ma 1900, pamalo pamene lero timati Down Shops, ndipo kuchokera pamenepo anatsegula nthambi m'maboma ndi m'midzi ya Kum'mawa konse. Kawirikawiri mwini sitolo amakhala m'tauni, wogulitsa pa kauntala ali munthu wakuda wodziwa kuwerengera ndi kulemba ngongole m'buku.

Sitolo yachikale imene mumaiona n'kunena kuti yatha ntchito inachokera ku nthawi imeneyo, ndipo aliyense amene anadzamanga pambuyo anatengera pomwepo. Imani muiyang'ane. Kutsogolo chipinda chimodzi chokhala ndi kauntala, kumbuyo kosungira katundu, khoma lochindikala la njerwa zootcha, denga lokwera, ndipo panja khonde lalitali la mizati. Khondelo silinali lokongoletsa. Mayi amagula nsalu mkati, n'kutuluka nayo panja pamene telala wakhala ndi makina ake, amuyeza pomwepo, dzuwa likamapendeka diresi yatheka. Pa khonde lomwelo pamakhala womata njinga, wogulitsa vitumbuwa, mdala wodikira lole, ana othawa mvula pochokera kusukulu. Mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, khonde ndi khoma lochindikala zimachita ntchito imene lero tikuifunira fani ndi magetsi amene sabwera. Amene anamanga sanapite ku koleji, koma amadziwa dzuwa la kuno.

Tsopano onani zimene tikumanga m'malo mwake. Mabuloko a simenti opyapyala, chitseko chachitsulo, galasi lalikulu kutsogolo, matailosi, ndipo khoma lafika mpaka m'mphepete mwa msewu. Khonde palibe, chifukwa mwini nyumba wawerengera kuti malo amenewo akhoza kukhala kachipinda kena ka lendi. Telala apite kuti? Wodikira basi aime pati? Zimenezo si zake. Mkati mumatentha ngati uvuni, shuga amauma, sopo amasungunuka, wogulitsa amathera tsiku atakhala pa mpando panja. Ndipo tonse timaomba m'manja kuti Chadiza wayamba kufanana ndi Chipata. Ndalama zomangira zimenezi zambiri zikuchokera kwa inu a m'tauni, abale anga. Mumatumiza pa foni, ndi chithunzi cha shopu imene munaiona ku Kamwala, n'kuuza bilidala kuti amange yofanana ndi imeneyo.

Tibwerere ku makoma akalewo, chifukwa nkhani yake sinathere kwa Amwenye. Pa 19 Epulo 1968, ku Mulungushi, a Kaunda analengeza kusintha kwa chuma, ndipo chimodzi mwa zotsatira zake chinali chakuti malonda a m'masitolo a kumidzi akhale m'manja mwa nzika za Zambia. Amwenye ena anatenga unzika, ena anasiya nthambi zawo n'kubwerera m'tauni. Makiyi anasintha manja. Kalaliki wa dzulo anakhala mwini sitolo, mphunzitsi wopuma ntchito anagula ina, ina inatengedwa ndi kopaletivu. Chaka chomwecho kwacha ndi ngwee zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni. Uku ndi kusintha kwakukulu kuposa kwina kulikonse kumene msewu wa boma la kumudzi unakuona, ndipo anthu amene analandira makiyiwo ena akadali moyo, ena ana awo ndiwo akugulitsamo lero. Kodi ndi angati mwa inu amene anafunsapo?

Kenako inabwera nthawi ya Namboard, imene inakhazikitsidwa mu 1969, ndi ECU, mgwirizano wa makopaletivu a Kum'mawa. Shedi ya chimanga inakhala mtima wa boma. Thumba la masiku amenewo linali la makilogalamu 90, osati 50 wa lero, ndipo amene ananyamula matumba amenewo pamsana mungawadziwe ndi kayendedwe kawo. Nshawa za Chalimbana zochokera m'minda ya Kum'mawa zinkagulitsidwa mpaka kunja kwa dziko. Thonje linali ndi Lintco. Ndiye chuma chinayamba kugwa, ndipo makonde omwe aja anaona mizere ya anthu odikira sopo, mchere, shuga ndi mafuta ophikira kuyambira m'bandakucha. Inu obadwa m'ma 2000 mumaona ngati nthano. Funsani amayi anu kuti ndi khonde liti limene anaimapo ali ndi mkulu wanu kumsana.

Pali nkhani ina imene ku Lusaka saikamba n'komwe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inadumpha malire. Zigawenga za Renamo zinkalowa m'midzi ya m'malire muno, kupha anthu, kuba ng'ombe ndi katundu, kutenga ena kuti awanyamulire. Anthu othawa nkhondo anadzaza Chadiza, Katete ndi Petauke, ambiri n'kudzapititsidwa ku Ukwimi, ndipo mtendere unabwera mu 1992 atasainirana ku Rome. Nzika za Zambia zinafa pa nkhondo imene sinali yathu, m'boma lino. Othawawo, athu ndi a tsidya lina, njira yawo inali yolunjika pa boma, chifukwa ndi pamene panali apolisi, asilikali ndi chipatala. Mwana wa sekondale lero amadziwa chaka chimene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inayamba ku Ulaya, koma sadziwa kuti agogo ake anagonapo m'tchire kuthawa mfuti.

Zotsatira mukuzidziwa. Namboard inathetsedwa mu 1989, MMD inalowa mu 1991, malonda anamasulidwa, salaula anadzaza msika ndipo matelala ambiri anapinda makina. Lintco inagulitsidwa, FRA inabwera ndi lamulo la 1995, ogula mbewu oyenda ndi sikelo pa njinga anachuluka. Mu 2012 Vubwi inapatulidwa n'kukhala boma palokha. Kenako mafoni, timabutu ta ndalama, ndi mahonda. Chilichonse mwa izi chinasiya chizindikiro pa msewu uja: chitseko chotsekedwa ndi njerwa, zenera losandutsidwa kauntala, dzina lakale loonekera pansi pa dzina latsopano.

Dzina loonekera pansilo ndilo likundipweteka. Kale mwini sitolo amalemba dzina lake pamwamba pa chitseko, mwina ndi dzina la mudzi wake, mwina ndi mawu otonza adani ake, ndipo ena amadinda chaka pa simenti isanaume. Lero kumabwera galimoto ya kampani ya mafoni kapena ya mbewu, anyamata atsika ndi zitini, n'kuuza mwini nyumba kuti timupakira penti yaulere. Ndani angakane, penti mmene yadulira? Tsiku limodzi nyumba yonse yafiira, ina yachikasu, ina yobiriwira, kuyambira pa maziko mpaka pa malata. Dzina la munthu amene anagulitsa ng'ombe zake kuti amange lapita. Mwini nyumba sindimuda, wapulumutsa ndalama. Koma tiyeni tinene zoona: boma lathu lasanduka bolodi la malonda a anthu a ku Lusaka, ndipo malipiro ake ndi zitini ziwiri za penti. Ukatsika basi sungadziwe ngati uli pa Chadiza, pa Sinda kapena pa Nyimba.

Mwina mukuganiza kuti lamulo limateteza nyumba zotere. Lilipo lamulo la National Heritage Conservation Commission la mu 1989, koma liwerengeni. Chinthu chimene limachitcha chakale, choti munthu sangachigumule popanda chilolezo, ndi chimene chinamangidwa lisanafike tsiku la 1 Januwale 1924. Chaka cha 1924 ndi chimene kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, inapereka dziko lino m'manja mwa boma la Britain. Ndiye kuti kwa lamulo lathu, la dziko lodzilamulira, mbiri yodziteteza yokha inatha pamene kampani ya atsamunda inamanga katundu. Sitolo ya m'ma 1950, shedi ya kopaletivu ya m'ma 1970, nyumba imene munthu wakuda woyamba anagulitsiramo ndi laisensi yake, zonsezi pamaso pa lamulo ndi njerwa chabe.

Lamulo lomwelo limalola nduna kulengeza chinthu china chilichonse kukhala chikumbutso cha dziko, ndipo boma likafuna limatero. Nyumba nambala 394 ku Chilenje, imene a Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962, ndi kanyumba wamba ka khonsolo, koma ikusamalidwa ndipo ana a sukulu amapita kukaiona. Ku Lundazi aliyense amakuuzani kuti nyumba yooneka ngati linga la mafumu a ku Ulaya ija inamangidwa ndi DC Errol Button kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Dzina la mzungu wolamula tikulidziwa. Nanga amene anaumba njerwa? Nyumba imakhala ndi mbiri ngati munagona pulezidenti kapena ngati anailamula bwana. Zathu zomangidwa ndi alimi, matelala ndi makalaliki zimadikira chigumula.

Ndikudziwa zimene ena akuyankha kale m'mitima. Oyamba akuti: iwe wa pa wailesi, anthu akufuna tala, madzi ndi mankhwala m'chipatala, iwe ukulirira makoma ong'aluka. Msewu wa Chipata–Chadiza ndimaufuna kuposa inu, chifukwa ine ndimauyenda pamene inu mumangoulemba pa Facebook. Tinaumva ukulonjezedwa kuyambira nthawi ya Link Zambia 8000 mu 2012. Koma ndani ananena kuti tisankhe pakati pa tala ndi chikumbukiro? Kujambula nyumba musanaigumule kumadya ndalama zingati? Kusiya khonde kumaletsa ambulansi kudutsa? Ndipotu tala ndi ndalama zikamabwera m'pamene ngozi imakula. Tonse taona kwina mmene zimakhalira: chizindikiro chofiira pa khoma lero, mawa mulu wa njerwa, mkuja ploti yagulitsidwa kwa munthu amene sanamwepo madzi a Nsadzu. Mu 2022 CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi iliyonse, ndipo yakhala ikukwerabe. Zomanga zachuluka, ndipo n'zabwino. Koma womanga akamafulumira, wogumula amafulumira kuposa.

Achiwiri akuti: zimenezo ndi nyumba za atsamunda ndi Amwenye, zigwe. Awa ndimawamvetsa pang'ono, chifukwa pa boma panachitikadi zowawa. Anthu anamangidwa chifukwa cha msonkho, anakongola m'sitolo mpaka kusiya njinga ya chikole, anaimirira panja chipewa chili m'manja. Koma munthu wanzeru sawotcha umboni wa mlandu umene anamulakwira. Komanso atsamundawo sanaponde dothi, sanatentha uvuni, sanakwere padenga. Manja anali a agogo athu. Ndipo kuyambira 1964 mpaka lero papita zaka zoposa 60, zimene nyumba zomwezo zakhala zathu, tikugulitsamo, tikukwatiramo ngongole, tikubisalamo mvula. Ukazigwetsa sukulanga mzungu, iye anapita kale.

Achitatu ndi amene amati mbiri yathu ife Achewa si ya njerwa, ili m'gule, m'miyambo ndi m'kamwa mwa akuluakulu. Inde, ndipo timanyadira kuti UNESCO inazindikira Gule Wamkulu mu 2005, ndi kuti chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti timakakumana ku Mkaika pa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Koma gule ali ndi eni ake omusunga, ali ndi dambwe, ali ndi mafumu. Msewu wa pa boma ulibe mwini. Ndipo za m'kamwa mwa akuluakuluzo, ife a pa wailesi ndife timawerenga mauthenga a maliro. Sabata iliyonse timatchula mayina: a uje atisiya, maliro ali m'mudzi wakuti, abale a ku Lusaka ndi ku Kitwe fulumirani. Pakati pa mayina amenewo pali amene anayeza chimanga pa sikelo ya Namboard, amene anasoka mayunifomu a sukulu yonse, amene anathawa Renamo ndi mwana kumsana. Inu mumabwera, mumagula bokosi labwino, mumajambula vidiyo ya nkhata, n'kukwera basi ya m'mawa. Foni yomweyo, mukanaiyatsa miyezi 6 m'mbuyo iwo akali kukamba, bwenzi tili ndi chinthu.

Zimene ndikupempha si zazikulu, n'chifukwa chake kusazichita kuli kochititsa manyazi. Khonsolo ndiyo imapereka chilolezo chomanga ndi chosintha nyumba pa boma. Ingathe kunena kuti nyumba yakale isanagwe ijambulidwe mbali zonse, dzina la womanga ndi la eni ake onse lilembedwe m'kaundula, ndipo yomangidwa m'malo mwake mumsewu waukulu ikhale ndi khonde. Ingathe kuuza opaka penti kuti asiye dzina ndi chaka pamene azipeza. Lamulo la mapulani a matauni ndi zigawo la mu 2015 limafuna kuti khonsolo iliyonse ikhale ndi pulani ya chitukuko ndi kuti imve maganizo a anthu ake. Makomiti a chitukuko a m'mawodi alipo, ndipo misonkhano yake imadzaza ndi anthu omwewo chifukwa achinyamata mumati n'za madala. Pitani mukanene. Khansala amaopa munthu wobwera ndi pepala ndi anzake 20 kuposa munthu wotukwana pa intaneti.

Inu amene muli ku Lusaka muli ndi mwayi umene ife tilibe. Ku National Archives of Zambia kuli mabuku amene ma DC ankalembamo za zigawo zawo ndi malipoti a maulendo awo m'midzi, kuphatikizapo a Fort Jameson, imene dera lathu linali pansi pake. Ndi mbiri yolembedwa ndi maso a bwana, ndipo muyenera kuiwerenga mukudziwa zimenezo, koma muli mayina, zaka ndi malo. Wophunzira wa pa UNZA wochokera kuno amalemba kafukufuku wake za Kalingalinga chifukwa ndi pafupi. Mmodzi yekha atapita kukatsegula mabuku aja n'kutitumizira zimene wapeza, tingaziwerenge pa wailesi, ndipo madala akhoza kuimba foni kutsutsa kapena kuwonjezera. Mbiri imamangidwa choncho, pepala mbali iyi, pakamwa mbali iyo.

Ndipo inu otumiza ndalama zomangira, musanauze bilidala kuti agwetse sitolo ya agogo, muuzeni ayang'ane kaye maziko. Nthawi zambiri khoma la njerwa zootcha limafuna pulasitala ndi malata atsopano chabe, ndipo zimenezi n'zotchipa kuposa kuyamba pansi ndi simenti ya mtengo wa lero. Ikani magetsi a sola, ikani mashelefu atsopano, lembani dzina lanu ngati mukufuna. La agogo lisiyeni pamwamba pake.

Mukabwera pa Khisimasi kapena pa Kulamba, musathamangire honda yopita kumudzi mutangotsika. Yendani msewuwo kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, mujambule nyumba iliyonse, ngakhale yoipa, ndi kumbuyo komwe kumene penti sinafike. Ndiye mufunefune telala wamkulu kuposa onse amene akali pa khonde. Mupatseni moni wa ulemu, mugulireni chakumwa, mudikire amalize mzere umene akusoka, kenako mumufunse kuti sitolo imene watsamirayo inali ya yani iye asanabwere.